Chikwama cha paboti



Kunja kukayamba kutentha, mitima ya anthu ambiri imathamangira kunyanja. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, mukaima m'mbali mwa msewu wa ku Salima kapena wa ku Mangochi m'mamawa, mudzaona mabasi ali m'chimwandanda, nyimbo zikutuluka m'mawindo. Ina ndi kwaya, ena ndi amayi a banki m'khonde amene agawana ndalama, ena ndi a kampani imodzi, ena ndi banja chabe lomwe lasonkherana kuti agogo akaone nyanja. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka zimakhalanso chimodzimodzi. Kale ulendo wotere unkathera pamchenga, anthu n'kuviika mapazi, n'kudya, n'kubwerera. Masiku ano ambiri sakukhutira ndi pamchenga. Akufuna boti. Ku Cape Maclear akufuna akafike pachilumba cha Thumbi kapena Domwe, ku Senga Bay akufuna Namalenje, ku Nkhata Bay akufuna akaone nkhwazi m'matanthwe. Ine ndikuti nzabwino zimenezo, nyanjayi ndi yathu, ndipo kwa nthawi yaitali okwera maboti amenewa ankangokhala alendo ochokera kunja ife tikuonerera pagombe.

Nkhani yanga lero ndi chikwama chimene timakwera nacho m'botimo. Ndimayang'ana katundu amene anthu amatsitsa m'basi pagombe, ndipo kunena zoona timalongedza ngati tikupita ku chinkhoswe. Mapoto a mpunga, nkhuku, makireti, sipika yaikulu yoti anyamule anthu awiri, zovala zosinthira katatu zojambulitsira. Palibe choipa pa chilichonse mwa zimenezi. Koma funsani kuti mwa anthu onsewa amadziwa kusambira ndi angati, ndipo amene wanyamula chinthu choti chimuyandamitse ndi ndani, mudzangoona anthu akuyang'anizana. Timalongedza poganizira chisangalalo, pamene woyenera kutiuza zonyamula ndi mwini malo, amene ndi nyanja.

Ndiye tiyambe taidziwa nyanjayo. M'litali ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto kwa Nkhata Bay kuya kwake kumafika mamita 700. Madzi ochuluka chonchi mphepo ikawapeza amadzuka. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika Seputembala, kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, ndipo imatha kuomba masiku angapo osapuma. Nyengo yotentha kulowa m'dzinja kumabwera mpoto, komanso mikuntho ya mvula yomwe imasonkhana kuseri kwa phiri n'kukupezani musanamalize kudya. Pa 30 Julayi 1946, sitima yatsopano ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi itakumana ndi namondwe, ndipo anthu 145 anatsikira kulichete. Imeneyo inali sitima yachitsulo, osati boti lamatabwa la injini imodzi limene inu mukwere. Ndipo ambiri tikukumbukira za ku Mlowe, m'boma la Rumphi, mu Epulo 2017, pamene boti lodzaza ndi anthu ochokera ku mapemphero a Pasaka linatembenuzika, mabanja n'kulira.

Sindikunena izi kuti muope nyanja. Ndikunena kuti chinthu choyamba kulongedza ndi funso. Usiku woti mawa ndi ulendo, mverani zanyengo. A nthambi yoona za nyengo amachenjeza pawailesi mwera ukamabwera, ndipo chenjezo limenelo silipita kwa asodzi okha. Mukafika pagombe, musathamangire mnyamata woyamba amene wakulonjerani ndi mtengo wotsika. Pitani kwa bambo wachikulire amene akusoka ukonde pamthunzi, mupereke moni, mufunse kuti, "Bambo, nyanjayi lero mukuiona bwanji?" Iwo amaona zimene inu simungaone: mtundu wa madzi kutali uko, mmene mtambo wakhalira pamwamba pa phiri. Akati lero ayi, ndiye kuti ayi, ngakhale mwawononga ndalama ya basi kuchokera ku Lilongwe. Paja safunsa anadya phula. Pamchenga ponse pali malo, mpunga uja mukhoza kudyera pomwepo.

Tsopano pa chinthu chimene ndikhalepo nthawi, life jacket, jekete yoyandamitsa ija. Mwini boti lonyamula anthu ayenera kukhala nazo zokwanira aliyense, ndipo inu musanapereke ndalama muziwerenge ndi maso anu. Muli anthu 14, majekete akhale 14. Mawu oti "ena ali kutsogoloko" kapena "apa m'pafupi, sitichedwa" musawalole. Anthu ambiri amene amira m'nyanjayi amamira gombe akuliona.

Kukhala nayo jekete ndi kuivala ndi zinthu ziwiri. Ndaonapo kambirimbiri majekete atasanduka zokhalira, poti thabwa la m'boti ndi lolimba, kapena ataunjikidwa pansi pa makireti. Boti likamatembenuzika silichenjeza, ndipo kuvala jekete uli kale m'madzi, mafunde akukumenya kumaso, n'kovuta ngakhale kwa katswiri. Ena amaivula chifukwa ikubisa diresi latsopano pachithunzi. Amayi, diresilo jambulitsani pamchenga musanakwere. Abambo nawo ali ndi matenda awo, aja oti "ine ndinakulira m'mbali mwa mtsinje". Kusambira padziwe la mtsinje pomwe phazi limagunda pansi ukatopa n'kosiyana ndi kusambira pakati pa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear ndi chilumba cha Thumbi, pomwe pansi palibe, uli ndi jinzi m'thupi ndi botolo ziwiri m'mimba.

Jeketeyo muiyang'anenso. Majekete ambiri akhala padzuwa zaka, nsalu inachita kufumbwa, malamba anaduka, zomangira zinasweka. Ifinyeni ndi dzanja: ngati zam'kati zili zofwafwaza kapena zolemera ndi madzi, pemphani ina. Mukavala mangani malamba onse mpaka igwire thupi. Kwa ana ndiye pali vuto lenileni, chifukwa maboti ambiri ali ndi majekete a akuluakulu okhaokha. Mwana wa zaka zisanu mukamuveka ya munthu wamkulu, akagwera m'madzi jekete imakwera m'mwamba iye n'kupulumukira pansi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Mwavekayo, mugwireni jekete ya m'mapewa n'kumunyamula pang'ono. Ikakwera mpaka kuphimba chibwano ndi makutu, ndi yaikulu. Ya mwana yabwino imakhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo ndi kolala yotukula mutu. Ngati banja lanu limapitapita kunyanja, gulani yanuyanu ya mwanayo, izikhala m'nyumba. Ngati palibe yomukwana, mwanayo atsale pagombe ndi munthu wamkulu. Alira, inde, koma madzulo mudya naye nsima.

Pali chinthu china chotchipa chomwe ndimadabwa kuti anthu sachiganizira: chigubu chopanda kanthu, chotseka bwino, chomangidwa chingwe chachitali pachogwirira. Lita imodzi iliyonse ya mpweya wotsekeredwa m'chigubu imanyamula kilogalamu imodzi pamadzi. Thupi la munthu likakhala m'madzi limapepuka kwambiri, kotero ngakhale chigubu cha malita 5 chimatha kumuthandiza kuti mphuno ikhale pamwamba, ndipo cha malita 20 angagwirire anthu awiri. Sichilowa m'malo mwa jekete, poti munthu akakomoka amachitaya, koma ndi choponyera mnzanu amene wagwa. Ndipo mumve bwino apa: munthu akagwera m'madzi, muponyereni chinthu, musadziponye nokha. Womira amagwira chilichonse ndi mphamvu zoopsa, ndipo nthawi zambiri maliro amakhala awiri chifukwa wina anadumphira kukapulumutsa. Dziwaninso kuti womira sakuwa. Alibe mpweya wokuwira. Amangoti mutu tumphu, n'kulowanso, manja akupalasa m'mbali, anzake pafupi pomwepo akuseka poganiza kuti akusewera. N'chifukwa chake ana akamasambira pachilumba, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi, foni ili m'thumba, ndipo muzilandirana.

Musanakweze katundu, suzumirani m'botimo muone za mwini wake. Nkhafi zilimo? Injini imazima, pulagi imanyowa, ndipo boti lopanda nkhafi limangopita kumene mphepo yafuna. Chokapira madzi chilimo? Nangula ndi chingwe chake? Petulo ndi wokwanira kupita, kubwera, n'kutsalako? Funso la petuloli lifunseni mopanda manyazi, chifukwa mafuta anakwera mtengo ndipo ena amathira wongoyerekeza. Funsaninso kuti botilo limaloledwa kunyamula anthu angati. Mtengo mugwirizane muli pamtunda, ndipo zimveke ngati ndalamayo ikuphatikiza chakudya, magalasi oonera nsomba, ndi yolowera m'paki ya Lake Malawi National Park. Kukangana za ndalama pakati pa madzi n'kopanda nzeru, mwini injini ndi amene amapambana.

Kulemera ndiye nkhani imene okonda chisangalalo safuna kuimva. Chigubu chodzaza cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Onjezani makireti atatu a mabotolo agalasi, cooler box yodzaza aisi, sipika ndi batire lake, mapoto, mbaula, thumba la makala. Mwakweza anthu ena awiri kapena atatu osaoneka. Boti likalemedwa limatsika, mpata wa pakati pa madzi ndi mlomo wake umachepa, ndipo funde lomwe likanangodutsa pansi limalowa m'kati. Zolemera ziikidwe pansi, pakati, osati kutsogolo konse kapena mbali imodzi. Ndipo anthu akhale pansi. Nkhwazi ikaoneka kumanja, aliyense amafuna kuimirira n'kuthamangira kumanja ndi foni, ndipo maboti ang'onoang'ono amapendekeka motero. Woyendetsa akati khalani pansi, ngakhale ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wanu ndipo inu ndinu bwana kuofesi, khalani pansi.

Pa zolemera zonsezi, chimene sindingachepetse ndi madzi akumwa. Zimamveka zoseketsa kunyamula madzi popita pamadzi, koma a m'mbali mwa gombe ndi omwe anthu amachapiramo, kutsukiramo mbale ndi nsomba, ndipo ena amadzithandiziramo. Kolera imene inayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno inasautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja, Mangochi, Salima, Nkhata Bay ndi ena. Mu Okutobala ku Monkey Bay kutentha kumatha kupyola madigiri 35, choncho munthu aliyense muwerengereni malita awiri kapena atatu. Nzeru yake ndi iyi: mabotolo ena muwaike mufiriji usiku kuti aume gwa. M'mawa agwira ntchito ya aisi m'cooler box, ndipo akamasungunuka masana mukumwa madzi ozizira, osanyamula zinthu ziwiri. Ponyanimonso timapaketi tingapo ta Thanzi ORS, sitilemera, koma wina akayamba kutsegula m'mimba kapena kufooka ndi dzuwa mudzatiyamika.

Chakudya chikhale chopirira kutentha ndi chodyeka ndi dzanja limodzi. Mbatata yophika, chinangwa, mtedza wokazinga, nthochi, zitumbuwa, mandasi, chimanga chootcha, malalanje, mango ikakhala nyengo yake. Zimenezi sizidandaula. Chimene chimavuta ndi mpunga ndi nkhuku zophikidwa dzulo madzulo, zotsekeredwa m'kontena zikadali zotentha, zoyenda maola anayi m'basi ndi ena atatu padzuwa la m'boti. Pofika nthawi ya nkhomaliro zayamba kale kusasa, ndipo paboti palibe chimbudzi. Saladi wa mayonezi ndiye musayerekeze n'komwe ngati mulibe aisi wokwanira. Thobwa ndi wabwino, koma musadzaze botolo mpaka pakamwa, pakuti akatenthedwa amafufuma, ndipo wotsegula amasamba. Ku Cape Maclear anyamata ambiri operekeza alendo amaphika okha pachilumba, nsomba yootcha, mpunga ndi supu wa tomato. Kwa ine imeneyo ndiye njira yabwino: katundu amachepa, chakudya n'chotentha, ndipo ndalama imatsala m'mudzi wa Chembe. Ingogwirizanani nawo m'mawa kuti agule nsomba, chambo kapena kampango, kwa asodzi pagombe. Amene mumamva mseru pagalimoto, paboti mudzaumvanso. Idyani pang'ono musanakwere, zopanda mafuta ambiri, tafunani kachidutswa ka jinja, khalani pakati pa boti kutali ndi utsi wa injini, ndipo maso akhale kumapiri akutali, osati pafoni.

Za mowa ndinena mwachidule poti mukudziwa kale. Chaka ndi chaka apolisi amachenjeza maholide akamayandikira, ndipo chaka ndi chaka timamva kuti wina analowa m'madzi atamwa. Imwani mwabwerako. Koma chimene ndimadana nacho kwambiri ndi ulemu wolakwika uja wopatsira woyendetsa boti, "aise, gwirako kamodzi". Ameneyo wanyamula miyoyo yanu nonse. Mukafuna kumuthokoza, mupatseni ndalama mukatsika. Fodya nayenso asayatsidwe pafupi ndi thanki ya petulo, ndipo mbaula ya moto isakwere m'boti.

Dzuwa la pamadzi limamenya kawiri, lochokera kumwamba ndi lobwerera kuchokera pamadzi, ndipo kamphepo kozizira kaja kamakunamizani kuti sikukutentha. Pali bodza lomwe timauzana loti khungu lakuda silipsa. Limapsa, mudzaona mphuno ndi mapewa zikusupuka patapita masiku atatu. Chipewa chikhale cha mlomo waukulu ndiponso cha chingwe chomangira kuchibwano, apo ayi mudzachiona chikuyandama kumbuyo injini ikangoliza. Za mawigi sindinena zambiri, amayi mukudziwa chimene mphepo imachita, mpango ndi bwenzi lanu. Malaya opepuka a manja aatali amateteza kuposa mafuta alionse. Ngati m'gulu mwanu muli m'bale wathu wa khungu lachialubino, izi si zamasewera ayi: mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, odzolanso pakatha maola awiri alionse ndiponso akangotuluka m'madzi, chipewa, magalasi a dzuwa, ndipo musankhe boti lokhala ndi denga. Khansa ya pakhungu imayamba ndi kupsa kotere kobwerezabwereza. Makanda nawonso asakhale padzuwa.

Chitenje nyamulani, ngakhale ziwiri. Ndi mthunzi, ndi mphasa, ndi chopukutira, ndi chotchingira posintha zovala, ndipo mukachiviika n'kufunda chimaziziritsa thupi. Chimathandizanso pa ulemu, chifukwa magombe ambiriwa ndi midzi ya anthu, ndipo kudutsa pakati pa nyumba za eni ake kapena pafupi ndi mzikiti mutavala zosambira zokha si khalidwe. Koma m'botimo musachimange molimba mpaka kumapazi, poti m'madzi chimakulunga miyendo. Valani kabudula kapena thayiti m'kati. Jinzi ndi nsapato zolemera zitsale. Matanthwe a pazilumba amatentha masana ndipo m'munsi mwake ndi moterera ndi ndere, kotero nsapato zakale zansalu zomanga zingwe zimaposa patapata, amene amavuka n'kupita ndi funde. Ndipo ngakhale kutenthe bwanji, juzi imodzi ilowe m'chikwama. Munthu wonyowa, mphepo ikumuomba pobwerera madzulo, makamaka mu Juni ndi Julayi, amanjenjemera mpaka mano kugundana, ndipo ana ndi amene amayamba.

Nanga zonsezi muika muti? Sutikesi ya matayala isiyeni m'basi. M'boti pansi pamakhala madzi nthawi zonse. Chotengera chabwino koposa chili kale m'nyumba mwanu: ndowa yapulasitiki ya chivundikiro chothina. Imakana madzi, mukhoza kuikhalira, ikagwera m'nyanja imayandama, ndipo zikavuta imasanduka chokapira. M'menemo muike juzi, mankhwala, makiyi a galimoto, ndalama ndi mafoni. Foni imodzi, yodzaza moto ndi mayunitsi, ikhale yosajambulira, yokulungidwa m'pulasitiki yotseka, ndipo mukhale nambala ya mwini boti, ya malo amene mwafikira, ndi ya polisi yapafupi. Musadalire kwambiri netiweki, kuseri kwa zilumba imasowa. Pa chifukwa chomwecho nyamulani ndalama zogwirika zing'onozing'ono, Mpamba ndi Airtel Money zimafuna netiweki yomweyo. Tochi ilowemo ngakhale mukuti mubwera masana. Kwathu kuno dzuwa likangolowa mdima sumachedwa, ndipo boti lozima injini mumdima lopanda kuwala kulikonse, wokalifuna alipeza bwanji? Wenzulo wa mpira uja nayenso ndi wothandiza, kulira kwake kumapita patali kuposa mawu a munthu wotopa.

Mankhwala ndiye amaiwalika kawirikawiri. Wa mphumu atenge kopopera kake, wa shuga, wa BP, wa ma ARV, aliyense atenge a masiku awiri, osati a tsiku limodzi, chifukwa mphepo ikadzuka muli pachilumba woyendetsa wanzeru adzakuuzani kuti tidikire, ndipo kudikirako kukhoza kufika m'mawa. Amene amadwala khunyu auze munthu mmodzi wodalirika m'gulumo, jekete asavule, ndipo asalowe m'madzi yekha. Onjezani pulasitala, bandeji, panado, ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Udzudzu wa kunyanja uli ndi mbiri. Amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi sitima yoyamba ya Ilala, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha mphamvu, ndipo manda a anzawo alipo mpaka lero pansi pa phiri. Mukabwerako kunyanja thupi n'kutentha, kayezetseni msanga.

Tsopano sipika ija. Ndikudziwa kuti pano ndikhumudwitsa achinyamata, koma ine ndikuti itsale. Nyimbo zomwezo muli nazo kunyumba, mwazimva m'basi njira yonse, mukazimvanso pobwerera. Chimene mulibe kunyumba ndi kulira kwa nkhwazi. Woperekeza amaimba mluzu, n'kuponya kansomba pamadzi, ndipo mbalame ija imachoka pamtengo pamwamba pa thanthwe, n'kutsetsereka, n'kukatola ndi zikhadabo osanyowa mapiko. Mukhala mwalipira boti kuti mukaone zimenezo. Komanso woyendetsa akafuula kuti gwiritsitsani, mawu ake amveke.

M'malo mwa sipika, pezani magalasi oonera pansi pa madzi, ambiri amabwereketsa pagombe pomwepo. Amalawi ambiri nsomba timaidziwira m'mbale. Koma mukaviika nkhope pamatanthwe a Thumbi kapena pa Otter Point, jekete ili m'thupi, mudzaona mbuna, tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tikukuzungulirani mopanda mantha. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Mitundu ina imakhala pa chilumba chimodzi chokha. N'chifukwa chake mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Pakiyi ikuphatikiza zilumba za Thumbi, Domwe, Mumbo, Maleri, Boadzulu ndi zina, pamodzi ndi madzi ofika mamita 100 kuchokera m'mphepete mwake. M'madzi amenewo kuwedza n'koletsedwa, choncho mbedza isalowe m'chikwama. Nkhuni za pachilumba si zothyola, ndipo moto mu Okutobala udzu utauma ukhoza kupsereza chilumba chonse masana amodzi. Kumtunda kwa pakiyi kuli anyani ozolowera anthu, amene amadziwa bwino jumbo ya buledi. Musawapatse.

Thumba limodzi lolimba likhale la zinyalala, ndipo libwerere nanu kumtunda. Pachilumba palibe wosesa. Mabotolo, mapepala a masiwiti, matewera a ana, zonse zimene timasiya zimathera m'madzi momwe muli nsomba zomwe mawa tidzagule pamsika. Dziko lino linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani n'kuzungulira m'makhoti zaka zambiri, koma majumbo akadali mbwee m'magombe tsiku lotsatira holide iliyonse. Botolo lagalasi losweka pamchenga ndiye limadikira phazi la mwana wa msodzi.

Musananyamuke, uzani munthu wotsala pamtunda kuti mukupita chilumba chiti, ndi boti la yani, anthu angati, ndipo mubwera nthawi yanji. Dalaivala wa basi yanu ndi woyenera, poti iye sangachoke popanda inu. Werenganani pokwera, werenganani pochoka pachilumba, mayina atchulidwe, chifukwa m'gulu la anthu 20 wina amene anakagona pamthunzi kuseri kwa mwala amaiwalika mosavuta. Nyamukani m'mawa ndipo nthawi yobwerera muiike dzuwa likadali pamwamba, kuti chikavuta china pakhale maola a kuwala okonzera. Ndipo pewani kusambira m'matsiriro a mitsinje ndi m'mabango, kumeneko n'kwa ng'ona ndi mvuu. Woperekeza akati pano ayi, amadziwa chimene akunena.

Chotsala ndi chimene mungabwere nacho osadziwa, likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pafupi ndi midzi ndi pamene pali zomera, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kungoyenda m'madzimo. Timafika m'nkhonomo kudzera mu mkodzo ndi chimbudzi cha munthu wodwala, n'chifukwa chake ndikuti pitani kuchimbudzi musanakwere boti, ndipo ana muwauze kuti m'nyanja si mokodzera. Ku Cape Maclear matendawa anachuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri ena amati china chinachititsa ndi kutha kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha kuwedza mopyola muyeso. Zizindikiro sizibwera tsiku lomwelo. Pamatha masabata, nthawi zina miyezi, munthu asanaone magazi mu mkodzo, kupweteka m'chinena kapena kungofooka, ndipo ena saona kanthu pamene chikhodzodzo chikuwonongeka. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu, ndipo amamwedwa molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwe mwabwerako sikuthandiza, poti tizilomboto timakhala tisanakule. Lembani tsiku limene munalowa m'madzi, ndipo pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala ndi onse amene munasambira nawo, mukawauze adokotala kuti munali kunyanja.